Magetsi a m'matope a mpunga: mmene mungawonjezere mphamvu yake

Amene anayesapo kutapa magetsi m'munda wa mpunga amadziwa pomwe zinthu zimakanikira. Mwakwirira makala m'matope, ena mwayandamitsa pamadzi, mwalumikiza mawaya, ndipo mita yoyezera magetsi yaonetsa mavolti 0.6. Mtima wakondwa. Mwalumikiza kababu ka LED, koma sikakuyaka. Pakutha pa milungu iwiri nambala ija yatsika, waya wabiriwira, ndipo chipangizocho chatsala m'matope ngati zinyalala.

Kawirikawiri vuto silikhala la mabakiteriya. Iwo m'matope a mpunga alimo kale, ochuluka, ndipo ntchito yawo amaidziwa. Mizu ya mpunga imatulutsira m'nthaka shuga ndi zakudya zina zomwe masamba apanga ndi dzuwa. Mabakiteriya a pansi pomwe mpweya wa okosijeni sufika, monga a mtundu wa Geobacter, amadya zakudyazo n'kutaya maelekitironi, tinthu tosaoneka tomwe kuyenda kwake ndiwo magetsi, pa chilichonse chowalandira. Tikakwirira makala opititsa magetsi, amatayira pamenepo. Makala a pansiwo ndi anodi. Maelekitironi amakwera ndi waya kufika pa makala a pamwamba, omwe ndi katodi, n'kukumana ndi okosijeni. Ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti pansi pasafike mpweya, pamwamba mpweya usasowe, ndipo njira ya pakati isakhale ndi zopinga.

Muyambe mukudziwa kukula kwa chomwe mukusaka. Mu 2008 gulu la Kazuya Watanabe ku Japan linafalitsa zomwe linapeza litayesa m'munda weniweni wa mpunga: pafupifupi mamiliwati 6 pa sikweya mita imodzi ya anodi (miliwati ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a wati). Ngakhale mutafika mamiliwati 20, batire ya foni ya 10 Wh (yopereka mawati 10 kwa ola limodzi) ingafune maola 500, kutanthauza milungu itatu usana ndi usiku. Magetsi amenewa ndi oyatsira kababu kwa kanthawi madzulo, oyendetsera kachipangizo koyeza madzi kapena kutentha, ndiponso ophunzitsira ana sayansi ndi matope a kwawo.

## Zofunika kukhala nazo

- Mita yoyezera magetsi, yokhoza kuwerenga mamilivolti (timagawo ta volti) ndi ma ohm (muyezo wa mmene chinthu chikupingira magetsi).
- Nsalu ya graphite felt, yakuda yopititsa magetsi ngati makala, ngati mungaipeze. Ngati palibe, makala olimba a nkhuni.
- Sefa wa chitsulo chosachita dzimbiri, wosokera matumba a makala.
- Timitengo takuda ta pakati pa mabatire akuluakulu a tochi, a mtundu wa zinc-carbon.
- Waya wa titanium kapena wa chitsulo chosachita dzimbiri wolowa m'matope, ndi waya wamba wokutidwa bwino wa kumtunda.
- Guluu wa epoxy.
- Marezisita (tizipangizo topinga mayendedwe a magetsi) a 100, 220, 470, 1,000 ndi 2,200 ohm. Okonza mawailesi pamsika amakhala nawo, ena amazula m'mawailesi akufa.
- Mabotolo apulasitiki opanda kanthu, nsungwi ndi ulusi wa nayiloni.
- Kabokosi kosalowa madzi.
- Kope ndi pensulo.
- Nsapato za mphira zazitali ndi magolovesi. M'madzi oima a m'minda ya mpunga mumakhala nkhono za likodzo, ndipo ntchitoyi imafuna kulowamo kawirikawiri.

## Sitepe 1: Sankhani malo

Pezani ndime yomwe madzi sauma kuyambira powokera mpaka mpunga utakhwima. M'masikimu othirira monga a Bwanje, Likangala, Limphasa kapena Wovwe izi n'zosavuta kusiyana ndi m'madambo odalira mvula, momwe madzi amabwera n'kupita. Pisani dzanja m'matope. Abwino ndi akuda kapena otuwa, oterera, a kafungo ka dzira lovunda, chifukwa fungo limenelo likusonyeza kuti mpweya sufikamo. Mchenga wofiira upeweni.

Musaike pafupi ndi polowera madzi, pomwe madzi othamanga amakokolola matope n'kubweretsa mpweya, ndipo musaike pamthunzi wa mtengo. Ofufuza a ku Japan aja anaona kuti magetsi amakwera masana n'kutsika usiku, ndipo atatchingira mpunga dzuwa anatsika. Ngati munda si wanu, kambiranani ndi mwini wake, ndipo muzike nsungwi yomangirira kansalu kuti opalira asazule mawaya.

## Sitepe 2: Yesani makala musanawakwirire

Apa ndi pomwe ambiri amagwera osadziwa. Makala a pamsika si onse amene amapititsa magetsi. Ambiri amapsa ndi moto wochepa, ndipo kwa magetsi ali ngati mtengo wouma basi. Opititsa magetsi bwino ndi amene anapsa pa kutentha kopitirira madigiri 700.

Ikani mita pa ma ohm. Kanikizani nsonga zake ziwiri pa khala limodzi, motalikirana ngati chala chimodzi. Ikawerenga makumi kapena mazana ochepa a ohm, khalalo ndi labwino. Ikangoonetsa 1 kumanzere kapena OL, liikeni pambali. Mudzaona kuti m'thumba limodzi momwemo makala ena amadutsa, ena ayi. Odutsa nthawi zambiri amakhala olimba, ndipo mukawagwetsa pa simenti amalira ngati phale.

Olepherawo mutha kuwakonza. Athireni m'chitini chachitsulo, vindikirani, boolani kabowo kamodzi pachivindikiro, n'kuchiika pakati pa moto waukali, monga wa osula zitsulo kapena wa uvuni wa njerwa, mpaka chitini chifiire kwa kanthawi ndithu. Chitani izi panja, chifukwa utsi wake umapha m'nyumba yotseka. Musatsekule chisanazizire, apo ayi makala ayaka n'kusanduka phulusa. Akazizira, ayeseninso, aphwanyeni akhale ngati mtedza, ndipo muwatsuke fumbi.

## Sitepe 3: Pangani anodi

Sokani thumba lathyathyathya la sefa, masentimita 30 mbali zonse, lochindikala ngati masentimita awiri. Thiranimo makala n'kuwatsendera kwambiri kuti azikhudzana. Makala ogwedera ndi magetsi otayika. Siyani mabowo awiri kapena atatu oti mbande za mpunga zidutsemo. Ngati muli ndi graphite felt, ingoidulani muyezo womwewo n'kuiboola.

Tsopano polumikizira waya. Ine ndikuona kuti mwa ntchito yonse, apa ndi poyenera kuwonongerapo nthawi. Ndimayamba kumene, ndinangopota waya wa kopa pa makala n'kukwirira. Nditafukula patapita milungu ingapo ndinapeza waya wabiriwira, wina waduka, matope ozungulira asintha mtundu. Kopa amadyeka m'matope, komanso ndi poizoni kwa mabakiteriya omwe tikuwafunawo.

Choncho m'matope muzilowa titanium kapena chitsulo chosachita dzimbiri chokha. Lukani wayayo mkati mwa thumba kangapo, kuchoka ngodya ina kufika ina. Ngati muli ndi waya wa kopa wokha, potani nsonga yake pa kamtengo ka m'batire, mateni epoxy mpaka pasaoneke kopa ngakhale pang'ono, dikirani aume tsiku lonse, kenako lowetsani kamtengoko pakati pa makala. Pong'amba mabatire valani magolovesi, tsukani timitengoto bwino, ndipo zotsalazo musazitaye m'munda kapena m'ngalande. Mabatire olembedwa alkaline musawang'ambe: mulibe kamtengo, ndipo mankhwala ake amawotcha khungu.

Musanapite kumunda, yezani kuchokera kunsonga ya waya kufika pangodya yakutali ya thumba. Nambala ya ma ohm ikhale yaing'ono momwe mungathere. Ikakhala m'masauzande, tsenderaninso makala.

## Sitepe 4: Pangani katodi, ndipo ikule

Anthu amakonda kusamala anodi chifukwa ndiko kuli mabakiteriya, koma nthawi zambiri chobweza magetsi m'mbuyo ndi katodi. Okosijeni amalandira maelekitironi mwaulesi pa makala wamba. Mu 2010 gulu la Watanabe lomwe lija linaonetsa kuti zinthu zitatu zimasintha kwambiri mphamvu: kupaka chitsulo cha platinum pa katodi, malo oika anodi, ndi kukula kwa rezisita. Platinum ndi wodula, sitingamukwanitse. Chomwe tingakwanitse ndi kukulitsa katodi kuti ipose anodi, ngakhale kawiri, ndi kuiikira makala abwino koposa, osinja pang'ono kuti malo okhudza mpweya achuluke.

Isokeni m'thumba la sefa ngati anodi, koma ikhale yopyapyala. Mangirirani mabotolo apulasitiki m'mbali kuti iziyandama theka lili m'madzi, theka lili pamphepo. Ikamira yonse imabanika, chifukwa m'madzi okosijeni ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mumpweya. Ikauma yonse njira yaduka. Kuyandama kuli ndi ubwino woti madzi akakwera kapena kutsika, katodi imatsata yokha.

## Sitepe 5: Kwirirani tsiku lowokera

Nthawi yabwino ndi pamene matope asalazidwa ndipo mbande zikuwokedwa. Mukachedwa mudzadula mizu.

Nyikani anodi m'matope amadzimadzi a m'munda momwemo, muifinyefinye kuti thovu lonse la mpweya lituluke. Ikwirireni chogona, pafupifupi masentimita 5 pansi pa matope, wokerani mbande m'mabowo aja, n'kusalaza pamwamba osasiya ming'alu. Ikakhala pamwamba kwambiri, okosijeni wa m'madzi amaifika n'kuba maelekitironi asanalowe m'waya. Ikapita pansi kwambiri, italikira mizu yambiri ndiponso katodi, ndipo mphamvu imathera panjira. Dothi limasiyana, choncho ngati zipangizo zilipo kwirirani atatu, pa masentimita 3, 5 ndi 10, motalikirana, aliyense ndi katodi yake, muone wopambana m'munda mwanu.

Katodi iyandame pamwamba penipeni pa anodi. Imangirireni kunsungwi kuti mphepo isaikankhe. Chenjerani kuti sefa wa katodi asakhudze waya wa anodi.

## Sitepe 6: Lumikizani rezisita, kenako dikirani

Mawaya onse awiri afike m'kabokosi pansungwi, pamwamba pa madzi. Lumikizani rezisita ya 1,000 ohm pakati pawo kuyambira tsiku loyamba, ndipo isachoke. Mabakiteriya otaya maelekitironi amachulukana pa anodi pokhapokha ngati maelekitironiwo ali ndi kopita. Mukasiya mawaya ali padera, palibe chowakokera pamakalapo.

Masiku oyamba nambala imakhala yaing'ono, mwina yosakhazikika. Musafukule kuti muone. Pamatenga milungu iwiri kufika inayi kuti mabakiteriya akute anodi, ndipo mphamvu imakwera pamene mpunga ukuphuka ana ndi kuchulukitsa mizu.

## Sitepe 7: Yezani mphamvu, osati mavolti okha

Chingwe chakuda cha mita chipite ku anodi, chofiira ku katodi. Mukayeza popanda rezisita mutha kuona 0.6 kapena 0.7, koma nambala imeneyo siikuuzani kuti chipangizo chingagwire ntchito yanji. Yezani rezisita ili pomwepo. Mphamvu mumaipeza pochulukitsa mavolti ndi mavolti omwewo, n'kugawa ndi ma ohm; yankholo ndi mawati, ndipo mukalichulukitsa ndi 1,000 mupeza mamiliwati.

Nambala ikakhazikika kwa masiku angapo, yesani marezisita onse, kuyambira wamkulu kutsikira kwa wamng'ono. Pa aliyense dikirani mphindi 20 kapena 30 musanalembe, chifukwa nambala imatsika pang'onopang'ono. Tiyerekeze mwapeza izi: pa 1,000 ohm mavolti 0.40, pa 470 ohm mavolti 0.29, pa 100 ohm mavolti 0.10. Woyamba akupereka mamiliwati 0.16, wachiwiri 0.18, wachitatu 0.10. Ndiye kuti wa 470 ndi amene akukolola zambiri, ngakhale mavolti ake ndi ochepa kuposa a woyamba. Siyani ameneyo. Pakapita milungu iwiri yesaninso, popeza mabakiteriya akachuluka rezisita woyenera amatsika.

Muziyeza nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo m'kope muzilembanso kuya kwa madzi, ngati kunali mitambo, ndi tsiku lomwe munathira feteleza. Popanda kope simungadziwe ngati chomwe mwasintha chathandiza kapena dzuwa langowala.

## Sitepe 8: Dyetsani matope mosamala

Manyowa owola bwino kapena mapesi a mpunga odulidwa tizidutswa, osakanizidwa ndi matope ozungulira anodi pokwirira, amathandiza kuti magetsi asagwe kwambiri usiku komanso pamene mizu ili yaing'ono. Manja awiri pa anodi imodzi akwana. Mukachulutsa, makamaka mapesi osawola kapena ndowe zaziwisi, mbande zimachita chikasu, madzi amatha okosijeni n'kubanikitsa katodi, ndipo tizilombo topanga mpweya wa methane timapeza phwando. Tizilombo timeneti timalimbirana chakudya chomwecho ndi mabakiteriya athu.

Feteleza wokhala ndi nitrate, monga CAN, musamuthire pamwamba pa anodi. Mabakiteriya ambiri akapeza nitrate amatayira maelekitironi mwa iye m'malo mwa makala.

Mudzamva ena akulangiza kuthira mchere kuti madzi azipititsa magetsi bwino. M'chidebe choyeserera nambala imakweradi. M'munda musayerekeze. Mpunga sugwirizana ndi mchere, ndipo mchere ukalowa m'nthaka suchoka msanga. Theka la miliwati silingalipe ndime ya Kilombero yowonongeka.

## Sitepe 9: Samalani madzi ndi katodi

Madzi akhale masentimita 5 kufika 10, monga mpunga umafunira kale. Kamodzi pa mlungu yang'anani katodi. Matope ndi ndere zikaikuta, itsukeni mopepuka ndi madzi a m'munda momwemo, osaikwecha, chifukwa kautoto kopyapyala ka tizilombo kamene kamamera pamenepo kamathandizanso kulandira maelekitironi. Mpunga ukakula n'kuyamba kugwetsa masamba, achotseni pa katodi.

## Sitepe 10: Sonkhanitsani magetsiwo

LED yofiira imafuna pafupifupi mavolti 2, yoyera 3. Chipangizo chimodzi sichingafike pamenepo. Maganizo oyamba amakhala olumikiza zingapo motsatizana ngati mabatire a mu tochi. M'munda umodzi sizitheka, chifukwa zonse zili m'madzi amodzi ndi matope amodzi, ndipo magetsi amadutsa chidule m'madzimo. Kulumikiza motsatizana kumagwira ngati chilichonse chili m'ndowa yakeyake, ndipo ngakhale apo chofooka chimatha kutembenuka n'kumadya mphamvu ya zinzake.

M'munda lumikizani ma anodi onse pamodzi, ma katodi onse pamodzi. Mavolti sakwera, koma magetsi oyenda amachuluka. Ma anodi ang'onoang'ono ambiri, aliyense ndi waya wake, amaposa chimodzi chachikulu, chifukwa pa chachikulu maelekitironi amayenda ulendo wautali m'makala asanafike pawaya.

Pokweza mavolti pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kachipangizo kokwezera magetsi ofooka, monga kokhala ndi LTC3108, kamene kamadzuka ngakhale pa mamilivolti 20, kapena BQ25504, kenako supercapacitor, kachipangizo kosunga magetsi ngati kabatire. Yachiwiri ndi yamanja, ndipo ndimaikonda pophunzitsa chifukwa mwana amaona chomwe chikuchitika. Tengani ma supercapacitor asanu kapena asanu ndi limodzi, alumikizeni onse ku chipangizo m'malo mwa rezisita usana wonse, nsonga za + zonse ku katodi, za - zonse ku anodi, madzulo achotseni n'kuwalumikiza motsatizana. Asanu a mavolti 0.5 apereka 2.5, ndipo LED yofiira iyaka. Ikani rezisita yaing'ono patsogolo pa LED kuti isapse komanso kuti kuwala kukhalitse.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kukondwera ndi magetsi a dzimbiri. Mukagwiritsa ntchito waya wa mpanda, malata, misomali kapena aluminiyamu ngati anodi, mita imalumpha tsiku loyamba lomwelo, mwina kuposa ya mnzanu wa makala. Amenewo si magetsi a mabakiteriya. Ndi chitsulo chikudyeka, monga zimachitikira m'batire wamba, ndipo chikatha magetsi athanso, zotsalira zake zili m'nthaka ya mpunga. Magetsi enieni a mabakiteriya amayamba pansi n'kumakwera ndi masiku. Ofuna kutsimikiza aike chipangizo china m'ndowa ya mchenga wotsuka ndi madzi okha. Chikaonetsanso nambala yaikulu yosatsika, pali chitsulo chomwe chikudyeka.

Kusiya mita pa ma ampere. Mita ikakhala pamenepo imalumikiza mawaya mwachindunji n'kukhuthula chipangizo. Chimabwerera, koma pamatenga maola, ndipo zomwe mungalembe tsiku limenelo n'zosadalirika.

Kuona chizindikiro chochotsera (-) pa mita n'kuganiza kuti zalephereka. Yambani mwaona ngati simunasinthanitse zingwe za mita. Ngati zili bwino, ndiye kuti anodi yafikiridwa ndi mpweya kapena katodi yamira m'matope.

Kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Mwathira manyowa, mwasintha rezisita, mwakweza katodi, zonse Loweruka limodzi. Nambala yakwera, koma simudziwa chakweza n'chiyani. Sinthani chimodzi, dikirani masiku angapo.

Kuyerekeza ndi a ena popanda muyezo wa malo. Gawani mphamvu yanu ndi kukula kwa anodi. Anodi ya masentimita 30 mbali zonse ndi 0.09 ya sikweya mita, choncho mamiliwati 0.18 aja ndi mamiliwati 2 pa sikweya mita.

Kulola munda kuuma. Matope akang'ambika, mpweya umatsikira m'ming'alu mpaka pa anodi, ndipo mabakiteriya a Geobacter sapirira mpweya wochuluka. Ngati madzi a m'ngalande atsekedwa kwa masiku angapo, umbani kamgula kuzungulira chipangizo n'kumathirira ndi ndowa. Chimodzimodzi pokolola: madzi akamachotsedwa m'munda kuti mpunga uume, fukulani anodi matope akadali ofewa, muiike m'ndowa ya matope omwewo, muthire madzi pamwamba, muyandamitse katodi, rezisita ili yolumikizidwa. Muziwonjezera madzi akamaphwa ndi kamanyowa pang'ono mwa apo ndi apo, ndipo powokera ulendo wina anodi imeneyo idzadzuka msanga kuposa yatsopano.